Kukapuma ku mapiri a Nyanga mukudziphikira nokha: makonzedwe ake kuchokera ku Harare

Ambiri a ife a ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa tikamva za tchuthi timaganiza zinthu ziwiri: ulendo wa kumudzi ku Malawi kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete, kapena kungokhala pakhomo mpaka masiku atatha. Mapiri a ku Nyanga timangowaonera pa kalendala n'kumati kumeneko n'kwa anthu a ndalama. Ku hotela n'kodula ndithu, makamaka kwa banja lalikulu, poti mbale iliyonse ili ndi mtengo wake. Koma kumapiri komweko kuli nyumba zambiri zimene amachititsa lendi yathunthu, ndi mabedi ake, khitchini yake ndi mapoto ake, inu n'kungobwera ndi ufa ndi ndiwo zanu. Banja la munthu wolandira malipiro wamba lingathe kufikako mwa njira imeneyi. Kungoti ulendo wotere umakoma kapena kuwawa malingana ndi zimene munachita musanatuluke mu Harare, n'chifukwa chake zambiri zimene ndalemba pano ndi za pakhomo.

Yambani ndi anthu komanso ndalama

Musanayambe kufunafuna nyumba, dziwani kaye kuti mukupita angati ndiponso ndi yani. Nyumba zambiri zodziphikira amawerengera mtengo wa nyumba yonse pa usiku umodzi, ndiye mabanja awiri akatenga ya zipinda zitatu aliyense amalipira zochepa kusiyana ndi kupita payekhapayekha. Akhale anthu oti mungakhale nawo pansi pa denga limodzi masiku atatu osakhumudwitsana.

Kumanani pamaso, osangodalira gulu la WhatsApp. Sankhani msungichuma mmodzi, ndipo mulembe m'kope chilichonse chimene chidzafune ndalama: lendi ya nyumba, mafuta a galimoto, zipata zolipirira pamsewu wa ku Mutare, zolowera m'paki (amalipiritsa munthu aliyense, galimotonso payokha), chakudya, nkhuni, ndi kangachepe kothokozera woyang'anira nyumba. Pamwamba pake ikani ina yapadera, yosakhudza pokhapokha tayala litaphulika kapena mwana atadwala. Pa mafuta musadzinamize. Kuchokera ku Harare kukafika ku Nyanga ndi makilomita pafupifupi 270, kupita ndi kubwerera ndi 540, ndipo kumeneko mudzayendanso mtunda wautali m'zitunda zimene galimoto imamwa kwambiri. Amene ali m'chipereganyu kumpingo kapena kuntchito ayambe kuponya miyezi ingapo nthawi isanakwane, kuti pasakhale wina wodzalowa m'ngongole chifukwa cha tchuthi.

Ndalama zoyendera zikhale madola ophwanyika kale. Mayi wogulitsa mapichesi pamsewu sadzakhala ndi chenje cha 20, ndipo kulipira pafoni ndi EcoCash kumafuna netiweki imene m'zigwa zina kulibe.

Dera liti, mwezi uti

Mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe atambalala makilomita pafupifupi 300 m'malire ndi Mozambique, ndipo malo odziwika ndi atatu. Nyanga ili kumpoto, Bvumba ili pakati, makilomita ngati 30 kuchokera mu Mutare, ndipo Chimanimani ili kum'mwera, makilomita pafupifupi 150 kupitirira Mutare.

Ulendo woyamba ine ndimati pitani ku Nyanga. Ndi kufupi, nyumba zodziphikira ndi zambiri, ndipo kuli chokondweretsa aliyense, kuyambira mwana wofuna kusambira mpaka agogo ofuna kungothera dzuwa pakhonde. Bvumba ndi yabwino ngati muli ndi achikulire kapena galimoto yanu ndi yaing'ono, chifukwa sitolo ndi chipatala za mu Mutare zili pafupi, ndipo munda wa maluwa wa Vumba Botanical Garden munthu amayendamo osatopa. Chimanimani ndi ya anthu a miyendo yolimba, okonda kuyenda tsiku lonse. Ndi dera lija limene namondwe wa Idai analiwononga mu Malichi 2019, nthawi yomweyo imene abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa analira ndi madzi osefukira. Kumeneko musayambire nthawi ya mvula yambiri.

Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi imene ndimaikonda: mvula yaleka, udzu ukadali wobiriwira, mathithi ali ndi madzi, misewu ya fumbi yauma. Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chenicheni, udzu kuchita kuyera m'mawa, ndiye ndi ana aang'ono ganizani kawiri. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira ndipo mapiri amakongola, koma ndi nyengonso ya moto wolusa ndi utsi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nyengo ya zipatso, matope ndi nkhungu. Amene anakhalako ku Thyolo kapena ku Mulanje amadziwa chiperoni, mvula yowaza ija yosatha tsiku lonse. Ku Nyanga ndi ku Bvumba iliko, ndipo ingathe kukutsekerani m'nyumba masiku awiri.

Pa Isitala, pa tchuthi cha Heroes mu Ogasiti ndi pa Khirisimasi nyumba zimatha msanga. Ngati mukufuna masiku amenewo sungitsani malo miyezi ingapo isanafike. Amene angathe kupempha masiku a pakati pa sabata sukulu zili mkati amapeza nyumba mosavuta, nthawi zina pamtengo wotsikirapo.

Kusungitsa nyumba

Njira zilipo ziwiri. Bungwe la boma loyang'anira mapaki, ZimParks, lili ndi nyumba zodziphikira mkati mwa Nyanga National Park, pafupi ndi madamu a Rhodes, Mare ndi Udu. Likulu lawo mu Harare lili pafupi ndi Botanical Gardens, pamene Borrowdale Road ikumana ndi Sandringham Drive, ndipo mungathe kupitako nokha kukafunsa. Udu ili mmunsi ndipo n'kofundirako, pamene Mare ili kumtunda, kozizira, kuyandikira phiri la Nyangani. Mitengo ya ZimParks imasiyana pakati pa anthu a m'dziko muno, a mayiko a SADC ndi a mayiko akutali, choncho aliyense anyamule chitupa chake kapena pasipoti. Ngati mwatenga m'bale amene wabwera kudzacheza kuchokera ku Lilongwe, muwerengereni mtengo wa SADC.

Njira yachiwiri ndi nyumba za anthu wamba, zimene zachuluka ku Juliasdale, ku Troutbeck ndi kuzungulira tawuni ya Nyanga. Zina ndi zabwino kwambiri. Koma pa Facebook palinso akamberembere amene amaba zithunzi za nyumba za eni ake, kulandira dipoziti, kenako foni n'kuzima. Musatumize ndalama musanalankhule ndi munthuyo pa foni ya kanema iye ali m'nyumbamo, kapena musanamve kwa wina amene anakagonako. Lisiti likhale ndi masiku, mtengo ndi dzina la malo.

Tsopano mafunso, ndipo musachite nawo manyazi. Loyamba ndi la moto wophikira. Chitofu ndi cha magetsi kapena cha gasi? Ngati ndi cha magetsi, ZESA ikazimitsa mumaphikira pati? Akakuyankhani mozungulira, dziwani kuti muyenera kunyamula kasilinda kanu ka gasi. Lachiwiri ndi la madzi osamba. Nyumba zina zili ndi giza ya magetsi, zina ya sola imene tsiku la nkhungu siitentha, ndipo zambiri zakale zili ndi mgolo panja umene woyang'anira amasonkhera nkhuni m'mawa ndi madzulo. Mgolowo ndi wodalirika kuposa zonse, bola mudziwe ngati nkhuni zili mu lendi kapena mumagula padera.

Funsani za zofunda: bedi lililonse lili ndi mabulangete angati, matawulo alipo? Funsani kukula kwa mapoto, ndipo apa limbikirani, apempheni ajambule chithunzi. Makhitchini ambiri a m'nyumba zimenezi anawakonzera anthu ophika mpunga wa anthu awiri, ndiye poto wamkulu pa onse nsima ya anthu 8 singalowemo. Funsani ngati firiji ikugwira ntchito lero lino, ngati madzi a pampopi ndi omwa, ndiponso ngati pamalopo pamagwira netiweki ya Econet kapena NetOne. Lomaliza ndi la msewu: kuchoka pa tala pali makilomita angati a fumbi, nanga galimoto yaing'ono yodzaza anthu imafika mvula itagwa? Mayankho onsewa akhale olembedwa pa foni, osati apakamwa.

Zonyamula

Lembani chakudya cha tsiku ndi tsiku papepala, m'mawa, masana ndi madzulo, kenako mugule potsata pepalalo. Kwa anthu 8 masiku atatu, thumba la ufa la makilogalamu 10 ndi lokwanira. Mthiko ndi chipande nyamulani zanu, pamodzi ndi mpeni wakuthwa, chifukwa zinthu zitatu zimenezi simudzazipeza kumeneko monga mukuzifunira.

Nyemba phikiranitu ku Harare. Zimadya gasi wambiri ndi nthawi imene mukanakhala muli kumathithi. Ziphikeni, zizizire, muziike m'mabakuli, muziumitse mufiriji mpaka zichite gwa, ndipo nyama muiumitsenso chimodzimodzi. M'bokosi losungira zozizira zimenezi zidzagwira ntchito ya ayezi njira yonse, osafunikanso kugula wina. Onjezani ndiwo zosafuna firiji, monga matemba kapena usipa wouma, mfutso ndi nsinjiro, kuti magetsi akazima usiku wonse musadandaule. Tomato ndi anyezi tengani pa Mbare Musika dzulo lake. Mbatatesi musanyamule, chifukwa Nyanga ndiko kwawo kwa mbatatesi, ndipo maapozi, mapichesi ndi mapulamu mudzagula m'mbali mwa msewu ku Juliasdale nyengo yake ikakhala yakwana. Bowa wa m'nkhalango ya paini musazule nokha. Nthawi ya dzinja anthu amamwalira ndi bowa wapoizoni, ndipo amene mumamudziwa kumudzi si amene amamera kumeneko.

Zing'onozing'ono ndi zimene zimaiwalika: mchere, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi, machesi, makandulo, tochi, sopo wotsukira mbale, mapepala a kuchimbudzi ndi matumba a zinyalala. Zovala zikhale za mphepo ngakhale mu Disembala, juzi, chipewa, masokosi, jekete ya mvula ndi nsapato zotseka. Mankhwala a BP ndi a shuga a achikulire alowe m'chikwama cha m'manja. Ku Nyanga kuli chipatala cha boma ndipo ku Bonda kuli cha mishoni, koma usiku wa nkhungu palibe amene amafuna kuyendetsa galimoto chifukwa cha mapiritsi oiwalika.

Pamsewu

Nyamukani m'mamawa. Msewu wa ku Mutare umadutsa Ruwa, Marondera, Macheke ndi Headlands, n'kufika ku Rusape pa makilomita pafupifupi 170. Pa Rusape thirani mafuta tanki idzadze, gulani buledi ndi chilichonse chimene mwakumbukira m'njira, kenako mukhotere kumanzere pamsewu wa ku Juliasdale ndi Nyanga. Ulendo wonse werengerani maola anayi kapena kuposerapo. Kuchokera pa Rusape msewu ndi wokhotakhota, muli malole onyamula mitengo, ndipo madzulo nkhungu imatsika mwadzidzidzi. Cholinga chikhale kufika dzuwa likadali m'mwamba. Tayala lapadera ndi jeke muziyese muli pakhomo, ndipo potsetsereka gwiritsani giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe.

Opanda galimoto akwere basi ya ku Nyanga pa Mbare Musika, koma asankhe nyumba yoyandikira msewu waukulu ndipo apangane ndi woyang'anira za amene adzawanyamule ndi katundu.

Mukafika

Musanatsitse zikwama, yendani m'nyumba monse ndi woyang'anira. Werengani naye makapu ndi mbale, muonetseni galasi limene mwalipeza losweka kale, akuonetseni potsegulira madzi ndi poyatsira magetsi. Anthu amenewa ambiri ndi Amanyika a m'midzi yozungulira, amadziwa msewu umene wakumbika ndi mudzi umene mungagule nkhuku. Apatseni ulemu wawo, ndipo nsima ikapsa musawaiwale.

Moto wa pachumuni usonkheni kusanade kuti nyumba ifunde. Pokagona onetsetsani kuti nkhuni zatsala makala okhaokha ndipo palibe chovala chili pafupi. Mbaula ya makala musalowe nayo m'chipinda chotseka mawindo, ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wake sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso, ndipo chaka ndi chaka nyengo yozizira timamva maliro otere mu Harare momwemuno. Masana mukamachoka tsekani mawindo a kukhitchini chifukwa cha anyani ndi apusi, ndipo ana asawaponyere chakudya.

Pali nkhani ina imene ndikufuna ndiinene mosabisa. Kudziphikira kusasanduke kusamutsa amayi kuchoka kukhitchini ya ku Mabvuku kupita kukhitchini ya ku Nyanga. Zimachitika kawirikawiri: abambo ndi ana ali kudamu, amayi ndi mtsikana wamkulu ali pa sinki, ndipo pobwerera amene watopa kwambiri ndi yemwe anasonkha ndalama zambiri za ulendowo. Usiku woyamba womwewo gawanani ntchito, muzilembe ndi kuzimata pafiriji. Abambo aphike phala ndi tiyi wa m'mawa, anyamata atsuke mbale ndi kutuntha nkhuni, madzulo amodzi akhale a nyama yowotcha panja kuti pasapezeke wovundula nsima. Chakudya chachikulu chikhale chimodzi patsiku, masana mudye za m'manja kumene muli, buledi, mazira owiritsa, chigumu. Pakhale tsiku limodzi lathunthu limene amayi sagwira mthiko.

Zokaona

Malo ake ndi ambiri, ndiye musathamange. Amodzi akulu patsiku ndi okwanira.

Nyanga National Park inayamba ngati munda wa Cecil Rhodes, amene anamwalira mu 1902 n'kuusiyira dziko, ndipo pafupi ndi hotela ya Rhodes Nyanga pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za m'deralo. Koma mbiri ya mapiri amenewa siyambira pa iyeyo, ndipo ngati muli ndi ana a sukulu ndikukupemphani muwatengere ku Ziwa. Ndi kumpoto chakumadzulo kwa tawuni ya Nyanga, pamsewu wa fumbi, ndipo malowa ali m'manja mwa National Museums and Monuments of Zimbabwe. Kumeneko mapiri athunthu anawazunguliza ndi mizere ya miyala yosanjikiza popanda matope, mzere pamwamba pa mzere, yotchinga nthaka kuti anthu alime mapira pamalo otsetsereka. Zambiri anazimanga alimi a m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Imani pafupi muone mmene mwala uliwonse unakhalira pa unzake, kenako muganize za manja amene anaunyamula. M'dera lonseli mulinso maenje ozungulira omangidwa ndi miyala, okhala ndi kanjira kapansi kolowera, koti munthu wamkulu amachita kuwerama. Atsamunda ankati munkasungidwa akapolo, koma ofufuza anapeza kuti anali makola a ng'ombe zazing'ono, nyumba za banja zitazungulira pamwamba, ndipo ndowe zake zinkapita kumunda. Mkati mwa paki muli malinga a Nyangwe ndi Chawomera, amene mungafikeko ngati msewu wa ku Ziwa wakukanikani.

Mapiri omwewa ndi kwawo kwa Mfumu Rekayi Tangwena, amene anakana kuchotsedwa pa malo a makolo ake ku Gaeresi nthawi ya boma la Ian Smith, ndipo mu 1975 anaolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kulowa mu Mozambique. Ana amene amangomva dzinali pa msewu kapena m'kalasi aone dziko limene mfumuyi inkalimbirana.

Phiri la Nyangani ndilo lalitali kuposa onse mu Zimbabwe, mamita 2,592. Silifika pa Sapitwa wa ku Mulanje amene ali ndi mamita 3,002, ndipo munthu wathanzi amakwera ndi kutsika tsiku lomwelo, koma musalipeputse. Nkhungu imaphimba njira m'kanthawi kochepa, ndipo pali anthu amene anasowa m'phirimo osapezekanso, kuphatikizapo mlendo wina mu 2014. Lembetsani mayina ku ofesi ya paki, tengani wokutsogolerani wa pakiyo, nyamukani m'mawa, ndipo gulu lisagawikane. Akanena kuti lero sikukwereka, bwererani. Eni dera amalilemekeza phirili ngati malo a mizimu, ndipo adzakuuzani kuti musatukwane kapena kuloza zimene mwaona. Ife amene timadziwa za Sapitwa sitifunika kuuzidwa kawiri.

Mathithi a Mutarazi, otalika mamita opitirira 750, ndiwo aatali kwambiri m'dziko muno. Amagwera m'chigwa cha Honde, kumene minda ya tiyi ndi nthochi idzakukumbutsani ku Thyolo. Pali milatho ya zingwe yodutsa pamwamba pa phompho, yolipira padera, ndipo ana agwireni dzanja paliponse pamene pali m'mphepete. Mukatsikira ku Honde kukagona, kumbukirani kuti kumunsiko n'kotentha ndipo kuli malungo, ndiye neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu zifunika. Tsiku lopepuka pitani ku World's View kupitirira Troutbeck, kumwamba kukakhala koyera, kapena kudziwe losambira la mumtsinje wa Nyangombe, madzi ake ozizira koopsa. Ofuna kuwedza nsomba za trout agule kaye chilolezo ku ofesi ya paki ndi kufunsa malamulo ake, chifukwa m'madamu amenewa saloleza kuwedza ndi nyongolotsi. Madzulo aliwonse ana muwayang'ane nkhupakupa m'miyendo ndi m'khosi.

Potuluka

Longedzani usiku, m'mawa mungotsuka mbale ndi kusesa. Zimitsani moto ndi madzi, zinyalala za pulasitiki mubwerere nazo. Ufa, mafuta ndi shuga zotsala musiyireni woyang'anira pamodzi ndi kangachepe kaja, m'manja mwake, ndipo muwerengenso naye makapu kuti dipoziti yanu ibwere yonse. Msungichuma awerenge zotsala m'kope pamaso pa onse musanakwere galimoto. Mbatatesi ndi zipatso za kunyumba gulani pa Juliasdale potsika, ndipo muyesetse kudutsa pa Rusape isanakwane 2 koloko masana, chifukwa madzulo a Lamlungu magalimoto amathithikana kuyambira ku Ruwa mpaka ku Msasa.